Ulemu kwa Mphunzitsi wa pa Park Station

Anthu akamatamanda Park Station ya ku Johannesburg amatchula chinyumba chachitsulo chimene chinachokera ku Netherlands m'zaka za m'ma 1890, chomwe lero chili ku Newtown, kapena sitima za Metrorail zopita ku Soweto, kapenanso Gautrain imene inafika pamalopa mu 2012. Onsewa amaiwala wantchito wakhama kuposa wina aliyense, amene sajomba, sanyanyala ntchito ndipo sadikira malipiro a boma: tsotsi wopisa m'matumba. Pamene sitima, mabasi ndi mateksi zimakhuthulira anthu malo amodzi, iyeyu ndiye mphunzitsi woyamba wa mzinda wonse.

Taganizirani m'bale wathu amene wangotsika basi yochokera ku Blantyre, itadutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Miyendo yatupa, maso ali m'mwamba kuwerenga zikwangwani, foni ikusuzumira m'thumba lakumbuyo. Kwathu amati safunsa anadya phula, koma ku Joni wofunsa njira mokweza wadziulula yekha kuti ndi mlendo. Wogulitsa matikiti alibe nthawi yomuuza zimenezi, kondakitala naye wapita kale. Tsotsi yekha ndiye amadzipereka, ndipo pofika pamsewu wa Wanderers phunziro latha, losafunanso kubwereza. Kuyambira tsiku limenelo chikwama chimayenda pachifuwa, pasipoti imagona m'kabudula wamkati, ndipo munthu amaponda mwamphamvu ngakhale atasochera.

Ena adzati fizi yake njokwera. N'zoona, koma ndi sukulu iti imene imamaliza maphunziro onse pamtengo wa foni imodzi, popanda yunifolomu kapena mayeso? Ena adzati uku n'kuba basi, apolisi amugwire. Asanatero aone kaye chilungamo chake: safunsa chitupa, sayang'ana mtundu, Mmalawi, Mzimbabwe ndi Mzulu amawalandira mofanana, zimene maofesi ambiri zimawakanika. Komanso walira mvula walira matope. Amene akufuna siteshoni yolumikiza mayiko asadabwe kuti khamu labwera ndi mphunzitsi wake. Choyenera n'kumuikira chikwangwani chaulemu pakhomo lalikulu. Chokhacho, chikhale chasimenti, chifukwa chikakhala chamkuwa mwiniwake adzabwera usiku kudzatenga mphatso yake.