Laputopu Sifa, Imangopita Kumudzi

Pakati pa Amalawi a ku Mayville ku Durban, kufupi ndi msewu wa King Cetshwayo umene achikulire amautchulabe kuti Jan Smuts, pali azibambo amene sanamalize kulira maliro a Windows 7. Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, koma iwo akamaitchula amayamba apukusa mutu. "Ija inali yaulemu, achimwene. Ukaiuza kuti zima, inkazima. Za masiku anozi zimakuuza kuti udikire kaye."

Sakunama ayi. Munthu waweruka wotopa, mlamu wake wakhala pakhomo kudikira kalata yofunsira ntchito yoti akapereke mawa m'mawa, kompyuta n'kuyamba update, n'kulamula kuti musaizimitse. Kodi ozimitsa ndife? Nkhani imeneyo akanakambirana ndi Eskom. Batire nalo linafa kalekale, laputopu imangokhalira chaja ngati wodwala wa diripi, ndipo mwana akapunthwa pa waya, kalata yonse yapita.

Pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 nayo anaisiya. Windows 11 ikufuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe makina ambiri akale alibe. Choncho laputopu yoyaka bwinobwino, yoonetsa mpira ndi mafilimu a ku Nigeria popanda kudandaula, yauzidwa kuti yakalamba. Mwini wake amamva ngati akunena iyeyo.

Apa m'pamene amatulukira alaliki. Woyamba ndi mnyamata wa Ubuntu. "Ankolo, ikani Ubuntu basi. Anaiyambitsa ndi munthu wa konkuno, Mark Shuttleworth, mu 2004. Siifuna makina atsopano, ndiponso njaulere." Ankolo amamvetsera mwaulemu mpaka pa mawu akuti ulere. Chaulere ku Durban kuno? Amafunsa funso limodzi lokha: "Word ilimo?" Mnyamata uja akangoyamba kufotokoza za LibreOffice, ankolo amakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. Wachiwiri ndi wa MacBook. Ameneyu salalikira ndi pakamwa. Amangoitsegula pagulu, kaapozi kataloza kwa anthu, ngakhale palibe chimene akulemba.

Mapeto ake ankolo amagula ina, yogwiritsidwapo kale ntchito, atanenerera mtengo mpaka wogulitsa kuuma kukhosi. Akafika nayo kunyumba, isanawapatse n'komwe moni, imafuna akaunti ya Microsoft. Password yake amaidziwa ndi mwana wa giredi 6, amene amayamba wafunsa ngati agulidwa data.

Nanga yakale ija? Mmalawi sataya laputopu. Amaipukuta ndi kansalu konyowa, n'kuikulunga m'bulangete, n'kuipereka kwa a transipota pamodzi ndi mafuta ophikira. Imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, mpaka ku Mangochi, komwe imalandiridwa ndi nthungululu monga katundu wa ku Joni. Uthenga wa pa WhatsApp umakhala utatsogola kale: "Mphwanga, ndakutumizira makina amphamvu kwambiri, osati zopepera za masiku anozi. Angofunika batire."

Pakapita sabata yankho limabwera. "Achimwene, yafika, Mulungu akudalitseni. Koma ikuti musazimitse, pomwe kuno ESCOM yazimitsa kale. Ya batire ija mutumiza pa Mukuru?"