Tayi, galu ndi usipa

Mphwanga wa ku Chowe anandionetsa pa foni sitima zapamadzi za ampondamatiki. Pa Queen Mary 2, ya kampani ya Cunard, madzulo ena sulowa m'chipinda chachikulu chodyera ngati sunavale jekete ndi tayi. Ndipo galu amamulipirira malo akeake ogona. Galu, abale inu!

Ife tili ndi gogo Ilala wa ku Monkey Bay, amene wakhala akupalasa nyanja kuyambira mu 1951. Pamwamba pali bala ndi kamphepo kayaziyazi, kwa okhawo amene kwacha siwavuta. Pansi palibe wofunsa za tayi. Umagona utatsamira thumba la usipa mpaka ku Likoma, nkhuku ya mnzako ikukuyang'anitsitsa ngati unaibwereka ndalama.