Gorilla woopa mchenga

Chitulukireni iPhone yoyamba mu 2007 itavala galasi la kampani ya Corning, otsatsa malonda sanatope kutiuza kuti galasi la kampaniyi, Gorilla Glass, la chaka chino laposa la chaka chatha. Zoona, makiyi ndi ndalama zachitsulo sizilikanda kwenikweni. Chimene satiuza n'chakuti kamchenga ka m'thumba mwanu, kaulere komwe, n'kolimba kuposa galasilo: pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa zinthu, mchenga wa quartz uli pa 7, pomwe galasi la foni limayamba kukandika pa 6. Ndiye mukamapukuta foni ndi malaya afumbi, mukuipala nokha. Za kugwera pa simenti tisanene, gorilla uja amangoti phwa! N'chifukwa chake foni ya mtengo wa ng'ombe imavekedwabe protekita yotchipa ya pamsika. Kamatitseni yanu, abale, dzina lisakunamizeni.