Kalulu waikira mazira ku Area 47

Kale kukonza pakhomo Pasaka ikayandikira sikunali kovuta. Munkasesa pabwalo, kutchetcha kapinga, kenako kugula laimu n'kupaka miyala ya m'mbali mwa kanjira, matayala akale odzalamo maluwa, ndi mtengo wa mango kuchokera pansi kulekeza m'chiuno. Achangu ankapakanso khola la galu. Zikatero pakhomo pakonzeka. Koma chibwerereni WhatsApp ndi Facebook, laimu watsika mtengo. M'mipanda ina ya mu Lilongwe masiku ano, ngati mulibe kalulu ndi mazira amitundumitundu ndiye kuti Pasaka yakudutsani.

Amake Tadala a ku Area 47 mwambowu anauona pa foni. Achemwali awo a ku Manchester anatumiza zithunzi: kabwalo ka kuseri kwa nyumba, maluwa achikasu a daffodil, mazira ofiira ndi obiriwira akulendewera pa kamtengo, ana atavala majuzi akusakasaka m'maluwa timadengu tili m'manja. Achemwaliwo tiwakhululukire. Pasaka imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo kumeneko imapeza anthu atangotuluka m'chisanu chomwe mitengo imatsala mbulanda, dzuwa n'kumalowa 4 koloko isanakwane. Duwa loyamba likasuzumira m'nthaka, munthu amalichitira phwando ndithu. Kuno nthawi yomweyo mvula imakhala ikutsazika, udzu wafika m'khosi, ndipo vuto lathu ndi lochepetsa zobiriwira. Amake Tadala za nyengo sanafunse. Iwo anawerenga anthu omwe anayamikira zithunzizo, n'kupeza kuti ndi ambiri.

Lolemba la Sabata Yoyera anaitana a Ganizani, gadeniboyi wawo.

"Achimwene, kuseriku muzule zonse. Ndikufuna malo."

Kuseriko kunali chimanga, maungu atayala mpaka kukwera mpanda, therere, ndi bonongwe wodzimerera yekha pafupi ndi mpopi.

"Zonse, madamu? Mondokwatu wakhwima uyu. Maungunso ndi omwewa tinkadikira aja."

"Sizioneka bwino pa chithunzi."

A Ganizani ndi munthu wosatsutsana ndi malipiro. Anazula. Madzulo njinga yawo inatuluka pageti itanyamula matumba awiri kulowera ku Mtandire, ndipo anabweranso kudzatenga otsala. Madamu anawayamika kuti achotsa zinyalala mwachangu.

Nkhani ya maluwa inavuta pang'ono. Daffodil ndi tulip amafuna masabata angapo a chisanu chenicheni kuti atulutse duwa, chisanu chomwe Lilongwe alibe ngakhale mu Juni. Koma munthu wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu sananenepo chibadwire kuti chinthu alibe. Anayang'ana pa foni ya madamu, n'kugwedeza mutu ngati waona m'bale wake. "Awa? Tili nawo, amayi. Angotsala atatu." Anawapatsa timachubu titatu ta masamba ataliatali onga a anyezi, n'kulonjeza kuti pofika Loweruka akhala atamasula. Mpaka lero akudikiridwa. Lachinayi madamu anatsikira ku Bwalo la Njobvu n'kugula maluwa apulasitiki, omwe a Ganizani anawazika m'mizere mwaulemu wonse. M'mawa mwake anawathirira, poti palibe anawauza kuti asiye.

Kalulu anakamuitanitsa kwa osema ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya m'tauni. Anyamata ajatu manja awo anazolowera mvuu, njovu ndi mipando ya mafumu. Chomwe chinafika Lachisanu Loyera, anthu akuchokera ku Njira ya Mtanda, chinali ndi makutu a kalulu, mimba ya mvuu, ndi nkhope ya munthu amene wangouzidwa mtengo wa feteleza. Anachiimika pakati pa bwalo, n'kuchimangirira riboni m'khosi. Galu wa pakhomopo anachiuwa usiku wonse.

Tsiku lomwelo ndi lomwe anafika apongozi kuchokera ku Dowa, atasenza kathumba ka mtedza wauwisi ndi nzimbe. Anakhala pamkeka pakhonde, n'kuchiyang'ana chibolibolicho nthawi yaitali.

"Apongozi, ameneyu ndani?"

"Ndi kalulu wa Pasaka, amayi. Amabweretsera ana mazira."

"Mazira a yani?"

"Ake."

Agogo anatafuna mtedza pang'onopang'ono. "Kalulu ndimamudziwa ine. Ndi yemwe uja anakana kukumba chitsime, anzake atakumba iye n'kumakatunga usiku. Lero wakuuzani kuti amaikira? Ndipo mwakhulupirira, inu ophunzira?"

Apa bambo ake a Tadala, omwe ndalama zonsezi zinkachokera m'thumba mwawo, anaona kuti ayenera kuteteza ulemu wa banja. Anali atawerenga pa intaneti nthawi ya nkhomaliro ku ofesi, ndipo zomwe anawerengazo n'zoona. Kalekale ku Ulaya Akhristu sankadya mazira m'nyengo ya Lenti, koma nkhuku sizinkasala nawo, zinkangoikira. Pofika Pasaka mazira ankakhala atachuluka, anthu n'kumawaphika, kuwapaka utoto ndi kugawana. Za kalulu wobisa mazira m'minda ya maluwa zinachokera ku Germany, ndipo dokotala wina, Georg Franck von Franckenau, anazilemba mu 1682. Anthu a ku Germany osamukira ku Pennsylvania anapita nazo ku America, komwe kuyambira 1878 ana amakunkhuniza mazira pa kapinga wa ku White House Lolemba la Pasaka. Bambowo anafotokoza zonsezi ataimirira, dzanja lina lili m'thumba. Amayi awo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati ku White House kuja nawonso anazula maungu.

Chomwe intaneti ya bambo sinafikepo ndi kapachikidwe ka mazira mu mtengo. Ku Germany amayamba aboola dzira n'kuuzira zam'kati zonse, kutsala chikhungwa chokha chopepuka. Banja la a Volker Kraft ku Saalfeld linkapachika mazira pa mtengo umodzi wa maapozi kuyambira 1965, mpaka mu 2012 mazira anakwana 10,000. Amake Tadala anagula mathireyi awiri, kuwiritsa onse, kuwapaka utoto wa makeke, ena n'kuwamangirira ndi ulusi mu mtengo wa mango. Akhwangwala a ku Area 47 sanaonepo ulemu woterewu. Pofika madzulo a Loweruka mu mtengomo munatsala ulusi wokha.

Otsalawo anayenera kubisidwa ana asanadzuke. Ndiye Lamulungu m'mbandakucha, kusanayere, madamu anatuluka atamanga chitenje pachifuwa, tochi ya foni m'dzanja, n'kumazungulira mpanda. Dzira lofiira pangodya iyi, lina pansi pa geti, lina kuseri kwa thanki ya madzi, lina m'tsinde mwa mango.

Aliyense wokulira m'dziko muno akudziwa kale zomwe zinatsatira. Munthu wamkulu woyenda mumdima n'kumasiya mazira ofiira m'ngodya zinayi za mpanda, kwathu kuno sitimati akukongoletsa. Anambewe a nyumba yoyandikana, omwe mpanda wawo uli ndi njerwa imodzi yomwe inachoka yokha mwadala, anaona zonse. Mapemphero a m'mawa asanayambe, amayi a Chigwirizano atatu anali atadziwa. Potuluka m'tchalitchi nkhani inali itakula: mazira aja anali akuda, madamu anali osavala, ndipo tsopano zamveka chifukwa chake bamboyo anakwezedwa pantchito anzake akale alipo. Wina anakumbukira kuti galimoto ija inabwera mwadzidzidzi. Landilodi anaimba foni kufunsa mwaulemu ngati panyumba pake pachitika mwambo wina womwe iye sanauzidwe. Alonda okha ndi omwe anafunsa maso ndi maso.

"Madamu, pepani. Ngati mwatsirika pakhomo pano, ine ntchito yanga ilipobe?"

Ine sindiwaseka Anambewe. Pa onse a m'nkhaniyi, iwo okha ndi omwe anaona dzira lobisidwa n'kufunsa funso lanzeru, loti munthu angabisirenji chakudya chomwe wagula yekha.

Masana alendo anafika, ana a kusukulu ya Tadala omwe amalira m'Chingerezi, ndi amayi awo atavala zipewa zazikulu. Aliyense analandira kansengwa. Panalinso mazira a chokoleti a Cadbury, kampani yomwe inayamba kuwapanga mu 1875 m'dziko lomwe dzuwa la Epulo silisungunula kanthu. Athuwa anakhala pa kapinga kuyambira m'mawa. Omwe sanasanduke phala anali atapezedwa kale ndi nyerere, zomwe pa mpikisano wosaka zotsekemera sizinagonjepo.

Mluzu utalira, ana a m'mipanda anathamanga uku ndi uku n'kumayang'ana m'mwamba, ena n'kumafunsa amayi awo kuti mazirawo ali pati. Mwana wa a Ganizani, yemwe anangobwera kudzathandiza kunyamula mipando, anaima kaye n'kuyang'ana bwalo lonse. Mnyamatayu anakula akulondola nkhuku zoikira kutchire. Anayenda mosathamanga, ngodya ndi ngodya, ndipo posakhalitsa malaya ake anali atadzaza. Anakhala pansi pa mango, kusenda limodzi, n'kufunsa ngati kukhitchini kuli mchere ndi tsabola. Kunabuka kulira. Madamu analamula kuti mazira onse abwezedwe agawidwe mofanana, popeza masewerawa, anatero iwo, si opikisana. Mnyamatayo anapatsidwa awiri ndi mawu oyamikira.

Kenako panafika chomwe chimanga chinafera. Ana anaimikidwa mozungulira kalulu wa mimba ya mvuu uja, misozi inapukutidwa, agogo anapemphedwa kuti asunthe mkeka wawo chifukwa ukulowa m'chithunzi. Anajambula kambirimbiri mpaka aliyense anaoneka wokondwa. Zithunzi zinakwera pa Facebook dzuwa lisanalowe, ndipo kunena zoona zinaoneka bwino. Maluwa apulasitiki pa foni amaposa enieni.

Achemwali a ku Manchester anayankha usiku. Anati zakongola. Kenako anafunsa ngati chimanga cha kuseri chija chakhwima, n'kupempha kuti awajambulire mondokwa ali pamoto ndi mphika wa maungu, chifukwa kumeneko akamva kuti kwathu ndi masika tulo sabwera. Amake Tadala anawerenga uthengawo ndipo sanayankhe. Agogo anabwerera ku Dowa Lachiwiri, atanong'oneza mwana wawo kuti ngati panyumba pali vuto asamabise, kumudzi kuli anthu odziwa bwino kuposa a m'tauni.

Dzira limodzi silinapezeke tsiku la phwando. Linadziulula lokha kuseri kwa thanki cha m'ma tsiku la Kukwera Kumwamba, patatha masiku 40, ndipo Anambewe analimva asanalione.

Panopa madamu amva kuti kumapeto kwa Okutobala anthu a ku Manchester amakongoletsa pakhomo ndi maungu. A Ganizani awauza kuti asade nkhawa, kwawo ku Mtandire anasungako angapo abwino kwambiri, ndipo za mtengo adzakambirana nthawi ikakwana.