Msuweni Wanga Amandipumulira

Boma la South Africa litakweza malipiro otsikitsitsa pa 1 March 2025, kuchoka pa R27.58 kufika pa R28.79 pa ola, abale kumudzi anayamba kufunsa ngati Mukuru yatseka, poti ndalama sizikufika. Abale anga, ndalamazo n'za pa ola, ndipo kuno ku Joni nkhani yagona pa amene akuwerenga maolawo.

Ine ndimagwira m'shopu ina ku Fordsburg, kuyambira 7 m'mawa mpaka 7 madzulo, Lolemba mpaka Lamulungu. Amenewo ndi maola 84. Lamulo la 1997 limati maola 45 pa sabata, ovataimu isapitirire 10. Bwana amalilemekeza kwambiri lamuloli, moti salikhudza n'komwe.

Anandipulumutsa ndi a Stats SA, amene amachita kafukufuku wa anthu apantchito miyezi itatu iliyonse. Kwa iwo, munthu akagwira ganyu ngakhale ola limodzi pa sabata, ali pantchito. Ndiye msuweni wanga, amene timagona chipinda chimodzi ku Mayfair, anatsukapo galimoto ola limodzi. Ndinaphatikiza 84 wanga ndi 1 wake, n'kugawa pawiri: aliyense maola 42 ndi theka. Kani ndimangotopa chabe, tonse tili m'kati mwa lamulo!

Masamuwa msuweni anawamvetsa msanga. Akuti iyeyo ndiye amandipumulira, choncho ndizimulipira. Amayamba kupuma 7 m'mawa pamatiresi anga, osachedwa ngakhale tsiku limodzi. Lamulungu akuti ndizimupatsa yowirikiza. Ndikafika usiku miyendo itatupa, amandilandira akuyasamula: "Asuweni, lero ndakupumulirani kwambiri, msana wonsewu ukuwawa."

Komanso a kafukufuku amayenda m'makomo, ndipo amayankha ndi amene wapezeka pakhomo. Ine pakhomo ndipezeka liti? Wondiyankhira ndi yemweyo, munthu amene amadziwa za ntchito yanga pomva fungo la jombo. Anzathu ena akangoona munthu wa tabuleti pageti amalumpha mpanda, kuyesa ndi a Home Affairs. Othamangawo ndiwo a maola ambiri.

A WHO ndi ILO ananena mu 2021 kuti mu 2016 anthu 745,000 anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Mabwana akamati "Amalawi ndi olimbikira", ife timamwetulira. Chimene akunena n'chakuti masiku a m'pasipoti anatha kalekale, ndipo munthu wotero saponda ku CCMA kukadandaula. Lendi ikudikira, fizi ikudikira, feteleza akudikira, ndipo ukakana Lamulungu limodzi, mawa pali mnzako wongotsika basi ku Park Station. Ena amaweruka komaliza m'bokosi lodutsa pa Mwanza.

Dzulo msuweni wandiuza kuti akufuna tchuthi. Akuti kupuma kwamutopetsa, ndipeze wina womugwirizira.