Mugwirane pa kona, koma musakumbatirane

Pa 16 Meyi 2020, mpira utabwerera ku Germany patatha miyezi iwiri ya zii chifukwa cha korona, tinakhamukira ku vidiyo sho ya m'dera lathu ngati tamva kuti kumsika kwafika chimanga chotchipa. Pakhomo panali ndowa yamadzi ndi kachidutswa ka sopo komangirira chingwe, kuopa kuti wina angasambe nako m'manja mpaka kukafika kunyumba kwake. Masiki aliyense anali nayo, yosokedwa ndi telala wapakhonde kuchokera ku zotsalira za chitenje, koma ambiri inkateteza chibwano.

Dortmund inkasewera ndi Schalke. Erling Haaland atamwetsa chigoli choyamba anathamangira kukona n'kuyamba kudzigwedeza yekhayekha, anzake ataima patali akumwetulira, ngati akuchimuna amene sanagwirizane nawo ukwatiwo koma abwera chifukwa cha nsima. Amalume anga, amene mpira anayamba kuutsatira nthawi ya wailesi ya mabatire, anandikodola.

"Mphwanga, mnyamatayu wawalakwira chiyani anzakewa?"

Ndinawafotokozera kuti madokotala a ligi alangiza kuti pasakhale kukumbatirana. Anagwedeza mutu kuti amva. Pasanapite nthawi kunabwera kona. Amuna oposa 15 anaunjikana m'bokosi, kukokana majezi, kupumirana m'khosi, wina mphuno ili m'khwapa mwa mnzake. Amalume anayang'anitsitsa mpaka mpira unatuluka.

"Ndiye pa kona kachilomboko kamakhala kapita ku tchuthi?"

Sindinawayankhe. Ndinali kuonerera osewera apabenchi, atakhala motalikirana, masiki ali kukamwa bwinobwino. Kochi akakodola mmodzi, amavula masiki ija mwaulemu, n'kulowa m'bwalo kukagwira munthu m'chiuno.

Tsiku lomwelo Hertha Berlin inaswa Hoffenheim 3-0, ndipo kamera inagwira Dedryck Boyata atagwira mnzake Marko Grujic kumaso, milomo ili patsaya. Dziko lonse linati wamupsompsona. Iye anakanitsitsa, nati ankangomunong'oneza malangizo a mmene aimire mpira woika ukabwera. Sabata imeneyo abambo angapo a m'dera lathu anasunga yankho limenelo pamtima, kuti mwina lidzawathandiza tsiku lina.

Koma amene anandimvetsa chisoni ndi Heiko Herrlich. Bamboyu analembedwa ntchito yophunzitsa Augsburg mu Malichi, mpira n'kuima asanakhale pabenchi ngakhale kamodzi. Anadikira miyezi iwiri. Sabata yoti ligi iyambenso, timu yonse inaikidwa m'bindikiro kuhotela, osatuluka. Mankhwala otsukira mano atamuthera, pamodzi ndi mafuta odzola, anangoyenda kupita kusitolo kukagula. Palibe anamugwira. Anadziulula yekha pamaso pa atolankhani, akusimba ngati nkhani yoseketsa, osadziwa kuti akudziwerengera yekha mlandu. Masewero ake oyamba aja, olimbana ndi Wolfsburg, anaphonya. Kwathu kuno akanangothyola kamtengo kuseri kwa hotela, n'kutsukira, ntchito n'kupitirira.

Jack Grealish, ali kaputeni wa Aston Villa, anajambula kanema kumapeto kwa Malichi 2020 wolangiza anthu a ku England kuti akhale pakhomo. Kutacha, galimoto yake inapezeka itagunda magalimoto oimikidwa, kutali ndi pakhomo pake. Anapepesa, timu inamulipiritsa. Amalume anati iwo sakuona cholakwika: mnyamatayo anati anthu akhale pakhomo, sananene kuti pakhomo pa yani.

Ngakhale makina anaoneka kuti ali m'bindikiro. Ligi ya ku England itayambiranso pa 17 Juni, goloboyi wa Villa, Ørjan Nyland, anagwa ndi mpira m'kati mwa golo, aliyense akuona, koma makamera oona ngati mpira wadutsa mzere anangoti duu. Sheffield United inabwerera ndi 0-0, chigoli chake chili m'manja mwa goloboyi.

Tsono imvani za amene anatsatira lamulo mpaka pamapeto pake. Mu Seputembala 2020, kumpoto kwa Germany, m'ligi yaing'ono ya anthu amene Lolemba amadzuka kupita kuntchito, timu yachiwiri ya Ripdorf/Molzen inkayenera kukumana ndi yachiwiri ya Holdenstedt. A Ripdorf anamva kuti anzawowo, pa masewero am'mbuyo, anakhudzana ndi munthu amene anapezeka ndi korona. Anali atayezetsa n'kupezeka alibe, koma masiku 14 anali asanakwane. A Ripdorf anapempha kuti masewero asunthidwe. Akuluakulu anakana. Kujomba kunali ndi chindapusa cha 200 euro, ndipo timu yakumudzi, kaya ndi ku Germany kaya ndi ku Ntcheu, thumba lake ndi limodzimodzi.

Ndiye anatumiza anthu 7, chiwerengero chochepetsetsa chimene malamulo amalola. Wezulo italira anakankhira mpira kwa adani awo, n'kupatuka, kuwasiyira njira ngati mmene timapatukira maliro akamadutsa. A Holdenstedt nawo analibe chisoni. Zinathera 37-0. Mukawerengera, ndi chigoli chimodzi pa mphindi ziwiri ndi theka zilizonse, kuphatikizapo nthawi yokatola mpira muukonde n'kubwera nawo pakati. Ine amene ndimamuganizira ndi woyimbira, chifukwa kabuku kake kayenera kuti kanadzaza mpaka analemba pachikhatho.

Amalume atamva nkhaniyi anaomba m'manja. Anati pa matimu onse a padziko lapansi, iyi yokha ndiyo inamvetsa zimene adokotala ankanena.

Musaganize kuti zoterezi zinkachitika kumidzi kokha. Pa 5 Seputembala 2021, ku São Paulo, Brazil inkasewera ndi Argentina pa masewero opitira ku World Cup. Messi mbali iyi, Neymar mbali iyo. Mpira utangoyenda mphindi zowerengeka, m'bwalo munalowa anthu ovala zovala wamba, mapepala ali m'manja. Sanali ochemerera oledzera. Anali akuluakulu a Anvisa, bungwe loona zaumoyo ku Brazil, ndipo ankafuna anyamata anayi osewera ku England: Emiliano Martínez ndi Emiliano Buendía a Aston Villa, Cristian Romero ndi Giovani Lo Celso a Tottenham. Lamulo la dzikolo linkati wochokera ku Britain abindikire masiku 14, ndipo a zaumoyowo ankati anayiwo sananene zoona polowa m'dziko.

Anyamatawo anali atagona m'dzikomo masiku angapo. Anadya kuhotela, anakwera basi, anaimba nyimbo yafuko. A zaumoyo anadzafika pa iwo mpira uli pakati pa bwalo, dziko lonse likuonera. Aliyense amene anakhalapo ndi landilodi akuidziwa njira imeneyi: mwezi wonse amangokupatsa moni, koma tsiku limene kwabwera alendo ochokera kuchikazi ndi pamene amagogoda ndi kabuku ka lendi. A Argentina analowa m'chipinda chovalira, ndipo masewerowo sanapitirizidwenso mpaka lero.

Ku Portugal, mu Novembala chaka chomwecho, Belenenses inalowa m'bwalo ndi anthu 9 okha chifukwa cha korona polimbana ndi Benfica, awiri mwa iwo magoloboyi, wina akusewera kunja kwa golo ngati mlendo wosochera mumzinda. Popumulira zinali 7-0. Pobwerera anatuluka 7, mmodzi n'kukhala pansi kuti wavulala, woyimbira n'kuthetsa mpira.

Za goloboyi zinafika pachimake ku Cameroon, pa chikho cha Africa mu Januwale 2022. Bungwe la mpira mu Africa la CAF linalamula kuti timu ikakhala ndi osewera 11 opanda kachilombo isewere basi, kaya pali goloboyi kaya palibe. Amene analemba lamulolo mwina ankati silidzagwira munthu. Linagwira Comoros, tizilumba timene tinafika kumpikisanowu koyamba, n'kutulutsa Ghana. Pofika pa 24 Januwale, tsiku lokumana ndi eni bwalo, goloboyi mmodzi anali wovulala, awiri anali atapezeka ndi korona. Mmodzi wa awiriwo, Ali Ahamada, anayezedwanso n'kupezeka alibe, koma anauzidwa kuti masiku a m'bindikiro sanakwane.

Magolovesi anapatsidwa kwa Chaker Alhadhur, wotchinga kumbuyo chakumanzere, munthu wosatalika kwenikweni. Jezi inali ya mwini wake, ndiye nambala yake anaimata ndi tepi pamsana, ngati mmene timalembera dzina pachidebe chopita kuchigayo. Nthawi zina ankaiwala kuti lero manja ndi ololedwa, n'kuthamangira mdani manja atawabisa kumbuyo. Kaputeni wawo, Nadjim Abdou, analandira khadi lofiira mpira ukungoyamba kumene. Tonse mu vidiyo sho tinakonzeka kuwerenga zigoli ngati za ku Ripdorf. Zinathera 2-1, Alhadhur atatchinga mipira ina imene magoloboyi enieni amalipidwa mamiliyoni kuti aigwire. Kuseka kwathu kunazilala titamva kuti kunja kwa bwalo la Olembe lomwelo anthu 8 anafa usikuwo popanikizana pachipata.

Ife a Flames tisadzitame kuti tinangoonerera za anzathu. Pa 10 Januwale ku Bafoussam, pokumana ndi Guinea, korona anali atatigwira pakhosi. Kochi Mario Marinica anali m'bindikiro, timu n'kutsogozedwa ndi Meck Mwase. Gabadinho Mhango nayenso kunalibe. Benchi lathu linali mbee, moti Mwase akacheuka kuti asinthe munthu ankakumana ndi maso a magoloboyi. Tinagonja 1-0, koma anyamata anathamanga ngati akuthawa wowayeza. Pa 14 Januwale Gaba anatuluka m'bindikiro ali ndi njala, n'kumwetsa Zimbabwe ziwiri. Tinalepherana ndi Senegal 0-0, ndipo kwa nthawi yoyamba tinadutsa ndime yamagulu.

Ndiye kunabwera Morocco pa 25 Januwale. Mphindi 7 zokha zitadutsa, Gaba anatenga mpira kutali, cha kumene ena amaganiza zopatsira mnzawo, anadzutsa mutu, n'kuumenya. Unadutsa pamwamba pa goloboyi Yassine Bounou n'kukagwedeza ukonde. Mu vidiyo sho benchi linathyoka. Ndowa ija inagubuduka, sopo anasowa ndi chingwe chomwe, ndipo ine ndinapezeka ndakumbatira bambo wina amene ndinali naye ngongole. Morocco inadzabweza, Achraf Hakimi n'kutimaliza ndi mpira woika wochokeranso kutali, 2-1.

Potuluka ndinawapeza amalume akufunafuna masiki yawo pansi pa matabwa othyoka. Ndinawafunsa ngati akudandaula.

"Ndidandaule chiyani, mphwanga? Wamuona Gaba? Goloboyi uja sanamuyandikire n'komwe. Mwana womvera malamulo a zaumoyo ameneyo."