Nyongolotsi ya miyendo

Thupi ndi la nyongolotsi, koma ili ndi miyendo, ina mpaka 86. Akatswiri atasowa poiika, kwa anyongolotsi ayi, kwa abongololo ayi, anaipatsa gulu lakelake, Onychophora. Mu Africa muno imadziwika ku South Africa ndi m'nkhalango za ku Gabon. Mangochi satchulidwa n'komwe.

Kanyamaka kamayenda mwaulesi, kamakonda ponyowa, kamatuluka usiku. Kakaona chakudya sikathamanga: kamangothira ulimbo kuchokera m'mbali mwa kamwa, kachilombo n'kukanirira pomwepo. Mtundu wina wa ku Australia umasaka pagulu, koma yaikazi yolamulira imayamba yadya yokha, zinzake zikumeza malovu. Maonekedwe a kanyamaka sanasinthe kwenikweni kwa zaka 300 miliyoni.

Mlembi wa danga lino sakunena munthu. Akungodabwa kuti ofufuza amavutikiranji kugubuduza zipika zowola, osafikako kumahotela a pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, kumene misonkhano yothetsa umphawi imachitikira m'mbali mwa madzi, chambo chili m'mbale, envelopu ili m'thumba.

Ukadzaitanidwa msonkhano wokambirana za kanyamaka, mlembiyu ndi owerenga onse apempha kuti maina awo asadzasowe pamndandanda wa alawansi.